Disc sander ya pa benchi: mmene mungaiyesere musanagule ndi kuikonza kuti izidya molunjika

Mayi wina anabwera ku shedi kwanga ndi zithunzi 12 za ana ndi adzukulu ake, akufuna mafelemu a mlombwa oti apachike pabalaza. Masiku amenewo n'kuti nditangogula kumene disc sander (sanda ya disiki yozungulira yomatidwa sandipepa, yokhala ndi tebulo kutsogolo kwake) ya mamilimita 300, yogwiritsidwapo kale ntchito, kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ndinaika mitre gauge yake, chotsamiritsira thabwa choyenda mu ngalande ya pa tebulo, pa nambala 45, n'kusalaza nsonga za matabwa onse tsiku limodzi. Nsonga iliyonse inatuluka yosalala ngati galasi. Mmawa mwake polumikiza felemu yoyamba, makona atatu anagwirana bwinobwino, koma yachinayi inayasama moti mitengo iwiri ya machesi inkalowa mosavuta. Felemu yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu chimodzimodzi. Amene amagula mlombwa masiku ano akudziwa mmene mtima unandiwawira, chifukwa kukonza nsonga zija kunafupikitsa mbali zonse, ndipo magalasi amene ndinali nditadulitsa kale sanalowenso.

Nditafufuza ndinapeza kuti gauge ija inaphonya ndi theka la digiri basi. Theka la digiri diso siliona. Koma felemu ili ndi nsonga 8, ndipo iliyonse ikaphonya ndi theka la digiri, zonse pamodzi zimakwana madigiri 4, amene amakaunjikana pa kona yomaliza. Pa thabwa la mamilimita 50 m'lifupi, umenewo ndi mpata wa pafupifupi mamilimita 5. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira manambala olembedwa pa makina. Manambalawo amangokusonyezani dera limene 45 kapena 90 ali, koma malo ake enieni mumawapeza nokha poyesa. Ndipo makinawa kuti ayeseke, zinthu ziwiri ziyenera kukhala bwino kaye: disiki yozungulira mosagwedera, ndi tebulo lokhala pamene mwalimangitsa.

Tigwirizane kaye za ntchito yake. Disc sander si pulena, sisalaza nkhope ya thabwa. Ntchito yake ndi nsonga: kulungamitsa podulidwa ndi sowo, kumalizitsa makona a mafelemu, kuzunguliza ngodya za tebulo la khofi, kufikitsa kathabwa pa mzere weniweni wa pensulo. Ndi makina oyezera kusiyana n'kukhala makina okongoletsera, n'chifukwa chake kulondola kwake kuli nkhani yaikulu.

Zotenga popita kokagula

Tengani rula yachitsulo yosachepera mamilimita 300, sikweya, pensulo, kalampu imodzi, kathabwa kokhomedwa sikulu kunsonga, ndi pepala loyera lija la A4 lodulidwa timizere. Pepala limeneli, la 80 gsm, n'lochindikala pafupifupi mamilimita 0.1, choncho likhoza kulowa m'malo mwa feeler gauge, timalata topyapyala toyezera timipata. Ngati muli ndi mnzanu wa makina a lathe osemera zitsulo amene angakubwerekeni dial indicator, kawotchi koyezera kugwedera, ndiye bwino kwambiri, koma ine ntchito yonseyi ndinaigwira popanda.

Sikweyayo muyambe mwaiyesa musanachoke pakhomo, chifukwa sikweya zambiri za m'mashedi mwathu zinagwapo pansi kangapo. Pezani thabwa la m'mphepete mowongoka, tsamiritsani sikweya, jambulani mzere. Itembenuzeni kuti chogwirira chiloze mbali inayo, jambulani mzere wina pamalo omwewo. Mizereyo ikagona pamodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba, sikweya yanu ili bwino. Ikatalikirana ngati miyendo ya legeni, musaitenge, ikanamizira makina abwino.

Mukafika, werengani kachitsulo ka pa mota musanayang'ane china chilichonse. Magetsi a kuno kwathu ndi a 230 V pa 50 Hz, monganso ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain. Makina ochokera kumeneko vuto lake ndi pulagi yokha mwina. Koma ochokera ku America nthawi zambiri amakhala a 120 V pa 60 Hz, ndipo mukawalumikiza ku soketi ya kuno mota ipsa nthawi yomweyo. Onaninso liwiro. Disiki ya mamilimita 300 imayenera mota yozungulira maulendo pafupifupi 1,400 mpaka 1,450 pa mphindi, ndipo zambiri za msinkhu umenewu zimakhala ndi mota ya mphamvu ya 750 W kapena kuyandikira pamenepo. Pa liwiro limeneli m'mphepete mwa disiki mumathamanga mamita oposa 20 pa sekondi. Anzanga ena amapanga okha makinawa pogwiritsa ntchito mota ya gulainda ya pa benchi, imene imazungulira maulendo pafupifupi 2,850. Mukaikapo disiki ya mamilimita 300, m'mphepete mumathamanga mamita pafupifupi 45 pa sekondi. Pamenepo thabwa limapserera mukangoligunditsa, ndipo sandipepa ikamatuka imauluka ngati mbale yoponyedwa. Kudzipangira si kulakwa, koma funani mota ya 1,400.

Swichi nayo muiyese. Yabwino ndi ija ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, imene imadzithimitsa yokha magetsi akazima. Yatsani makina, zimitsani pa khoma, yatsaninso pa khoma pomwepo. Makina asadzuke okha. Tonse timadziwa zimene zimachitika magetsi akathima masana: aliyense amasiya chimene amachita, wina amatsamira pa makina, wina amaika kathabwa pa tebulo. Akabwera magetsi mwadzidzidzi, swichi wamba imadzutsa disiki dzanja la munthu lili pomwepo. Ngati mumadalira jenereta, kumbukirani kuti mota yamtunduwu imakoka magetsi ochuluka kangapo podzuka kusiyana ndi pamene yayamba kuthamanga, ndiye kajenereta kongokwanira 750 W sikangaidzutse bwino.

Disiki

Apa ndi pamene muyenera kutaya nthawi, wogulitsa akhale akuyang'ana wotchi kapena ayi. Tebulo lopendekeka limakonzeka ndi sipanala. Disiki yogwedera ndi nkhani ina.

Zulani pulagi. Gwirani disiki ndi manja awiri, wina kumanzere wina kumanja, muigwedeze ngati mukuyesa gudumu la njinga. Isaseweretu. Ikokereni kwa inu n'kuikankhiranso mkati. Mukamva kugogoda, mwina kasikulu kogwira disiki pa shafuti kamasuka, zomwe n'zosavuta, kapena mabeyaringi a mota atha. Kenaka izungulizeni ndi dzanja mukutchera khutu. Mabeyaringi abwino amayenda mwakachetechete. Otha amamveka ngati muli mchenga.

Tsopano pemphani kuti muchotse sandipepa. Wogulitsa makina akale akakana zimenezi, ine ndimayamba kukayika. Pa disiki yopanda pepala, gonekani rula chopingasa kudutsa pakati, muyang'ane kuwala pakati pa rula ndi chitsulo. Zungulizani disiki pang'ono, muyesenso, mpaka mbali zinayi. Mukufuna rula igone ponseponse. Disiki yotukuka pakati kapena yolowa ngati mbale ya ndiwo singakupatseni nsonga yowongoka, ngakhale mutakonza tebulo motani, chifukwa ngodya imasintha malinga ndi pamene mwagunditsa thabwa.

Kugwedera kumayesedwa chonchi. Mangani kathabwa kanu ka sikulu pa tebulo ndi kalampu, mutu wa sikuluyo uyandikire disiki chakum'mphepete, pafupifupi chala chimodzi kuchokera kumlomo. Zungulizani disiki ndi dzanja pang'onopang'ono, mukuikankhira mkati mofanana nthawi zonse. Muona kuti penapake imayandikira sikulu, penapake imathawa. Pamene yayandikira kwambiri lembanipo ndi pensulo, ndipo potokozani sikuluyo mpaka ingokhudza pamenepo. Zungulizaninso mpaka pamene yathawa kwambiri, n'kuyamba kulowetsa timapepala tija pa mpatapo. Kapepala kamodzi kakalowa mothina, kapena kakakana kulowa, disikiyo ndi yabwino, ine ndingagule. Tiwiri, ndimalola ngati ntchito yanga ndi yozunguliza ngodya za mipando basi. Titatu kapena kuposa, pa ntchito ya mafelemu ayi.

Chimene chimachitika ndi disiki yogwedera n'chakuti mbali imodzi yokha ndi imene imadya thabwa. Thabwalo limamenyedwa kamodzi pa kuzungulira kulikonse, m'manja mumamva kunjenjemera, nsonga imatuluka ya timabampu, ndipo sandipepa imatha mbali imodzi ina ikadali yatsopano. Mukaona makina akale amene pepala lake lada theka limodzi lokha, mwaona kale yankho musanayese.

Musafulumire kuitaya komabe. Nthawi zina cholakwa chimakhala dzimbiri kapena utuchi wolowa pakati pa shafuti ndi bowo la disiki. Masulani kasikulu, zulani disiki, pukutani zonse, bwezerani, yesaninso. Disiki ili kunja, gunditsani sikulu yanu ija pambali pa shafuti yokhayo n'kuizunguliza. Shafuti ikakhala yowongoka koma disiki yopotoka, a lathe akhoza kuipala nkhope n'kukhala bwino, makamaka ya aluminiyamu. Shafuti ikakhala yopindika, makinawo asiyeni. Kawirikawiri ndiye kuti anagwapo chafufumimba.

Pomaliza yatsani. Ikani msomali pa tebulo. Ukayamba kuyenda wokha, makinawo akunjenjemera mopitirira. Zimitsani, mumvetsere pamene ikuchepetsa liwiro, chifukwa phokoso la mabeyaringi limamveka bwino nthawi imeneyo. Muonenso kuti ikutenga nthawi yaitali bwanji kuti iime. Disiki yolemera yopanda buleki imapitiriza kuzungulira mwakachetechete kwa kanthawi ndithu, ndipo pamenepo ndi pamene anyamata ophunzira ntchito amasupuka zala.

Tebulo lili ndi mayeso amodzi ofunika kuposa onse. Limangitseni pa 90, tsamiritsani sikweya pakati pa tebulo ndi disiki, kenaka dinikizani m'mphepete mwa tebulo ndi dzanja monga mmene thabwa lolemera lingachitire. Yang'anani sikweya. Ikasuntha, tebulolo lizisuntha tsiku lililonse mukugwira ntchito. Matebulo a chitsulo cholemera cha cast iron omangidwa mbali zonse ziwiri ndi amene amakhala nji. Timakina tating'ono tija tophatikiza lamba wa sandipepa ndi disiki ya mamilimita 150 nthawi zambiri tebulo lake limakhala pa kamtengo kamodzi kachitsulo, ndipo limawerama ngakhale mutamanga chotani. Timagwira ntchito zing'onozing'ono, koma musatiyembekezere kulunga makona a thabwa lalikulu. Gonekaninso rula pa tebulo kuti muone ngati lili lathyathyathya, ndipo lowetsani mitre gauge mu ngalande yake n'kuigwedeza uku ndi uku. Ikamasewera, dziwani kuti muli ndi ntchito yoti mukachite kunyumba, koma si chifukwa chokanira makina.

Chinthu chimodzi chimene ndinaiwala kufunsa pogula, ndipo chinandivutitsa miyezi ingapo: sandipepa ya msinkhu umenewu mudzaipeza kuti? M'mahadiweya amene ndinayendamo munali zodzaza za mamilimita 115 ndi 125. Dziwaninso kuti pali za 300 ndi za 305, zomwe ndi mainchesi 12. Yezani disiki yanu ndi rula musanaitanitse.

Mukafika nayo ku shedi

Imangeni pa benchi ndi mabawuti. Benchi likhale lolimba, losagwedezeka. Phazi limodzi la makina likakhala m'malere, ikanipo washa musanamange, kuti musapotoze thupi lake.

Kumata sandipepa ndi gawo la kulondola, ngakhale ambiri amachita mothamanga. Pali mitundu iwiri. Ina ili ndi guluu kumbuyo, mumangosenda kapepala n'kumata pa chitsulo penipeni. Ina ndi ya Velcro, yomata n'kumatula ngati lamba wa nsapato za ana. Ya Velcro imasinthika msanga, koma ili ndi kankhasa kofewa pansi pake. Mukakankha thabwa, kankhasako kamabonyera, ndipo m'mphepete mwa nsonga mumatuluka mozungulira pang'ono. Makona otero akalumikizidwa amaoneka kamzere kakuda. Pa ntchito yofuna kulondola, sankhani ya guluu.

Musanamate, chotsani guluu yense wakale. Palani ndi kathabwa kolimba kapena mpeni wa pate mosakanda chitsulo, fewetsani wotsala ndi palafini kapena thinala, kenaka pukutani ndi sipiriti kuti mafuta onse achoke, apo ayi pepala latsopano silimata. Yendetsani chala pa disiki yonse. Kachibulu ka guluu kochepa ngati njere ya mapira kamatukula pepala, ndipo mayeso onse amene munachita pogula amapita pachabe, chifukwa kachibuluko ndi kamene kazidya thabwa. Pomata, sendani theka lokha la kapepala ka kumbuyo n'kulipinda. Lowetsani theka losasendalo kuseri kwa tebulo, lunganitsani m'mphepete, matani theka lam'mwamba kuyambira pakati kupita kunja. Zungulizani disiki, sendani lotsalalo, matani. Kenaka sisitani ponseponse mwamphamvu ndi kathabwa kosalala. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, m'shedi ya malata guluu amafewa, ndiye musanayatse mmawa uliwonse yendetsani dzanja m'mphepete kuona ngati pepala layamba kusendeka. Zosungira muziike m'pulasitiki, zogona pansi pa thabwa lolemera, kuti chinyezi cha dzinja chisazipinde.

Mukasowa yogula n'kuganiza zodula nokha pa sandipepa yaikulu, pakani guluu wa kontaki mopyapyala ndi mofanana, ndipo pepala likhale limodzi lathunthu. Lolumikiza pakati limakola thabwa.

Za manambala a sandipepa, osonyeza kukhakhala kwa mchenga wake, ndifupikitse. P80 ndiye wa tsiku ndi tsiku. P60 amadya msanga, P120 amasalaza koma amatentha nsonga za mitengo yolimba monga mlombwa ndi mbawa. Paini wa ku Chikangawa ali ndi utomoni umene umatseka maso a pepala msanga. Gunditsani rabala ya crepe yotsukira sandipepa pa disiki ikuzungulira ndipo utomoniwo uchoka. Pepala lotha kapena lotsekeka limakukakamizani kukankha mwamphamvu, ndipo kukankhako n'kumene kumasuntha thabwa pa gauge.

Tsopano kukonza tebulo, ndipo ndondomeko yake musaisinthe, chifukwa chilichonse chikudalira chinzake. Pulagi ikhale yozulidwa.

Yambani ndi ngalande ya gauge. Iyenera kuyenda limodzi ndi nkhope ya disiki, mtunda wake ukhale wofanana kumanzere ndi kumanja. Lembani kadontho kamodzi m'mphepete mwa disiki. Kafikitseni kumanzere, yezani kuchokera pa kadonthoko kufika m'mphepete mwa ngalande. Zungulizani kuti kadontho komweko kafike kumanja, yezaninso. Timagwiritsa ntchito kadontho kamodzi kuti kugwedera kotsala kwa disiki kusalowerere m'muyezo. Zikasiyana, masulani pang'ono mabawuti a kunsi kwa tebulo, ligogodeni ndi dzanja mpaka zifanane. Nthawi yomweyo konzani mpata wa pakati pa tebulo ndi sandipepa: usapitirire mamilimita 2, ndipo 1.5 ndi wabwino. Mpata waukulu umameza tizidutswa ndi zala zomwe. Ine ndimalowetsa katoni kochindikala choncho pakati, n'kukankhira tebulo pamenepo ndikumanga. Mangani mabawuti mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, n'kuyezanso, popeza kumanga komweko kumakoka tebulo.

Gauge yosewera mu ngalande muithinitse. Matani kamzere ka chitini cha zakumwa, chomwe n'chochindikala pafupifupi mamilimita 0.1, m'mbali mwa kachitsulo kake, kapena gogodani timaenje ndi ponchi m'mbali momwemo kuti chitsulo chitukuke pang'ono, n'kupala ndi fayilo mpaka iziyenda bwino koma osagwedera.

Kenaka ikani tebulo pa 90 ndi sikweya, osati ndi nambala. Ikaninso gauge pa 90 ndi sikweya yomweyo. Apa mwayandikira, koma simunafike, chifukwa sikweya yatsamira pa mchenga wa pepala, umene si wosalala.

Funsani thabwa

Dulani timatabwa tiwiri tofanana, totalika ngati chikhatho, tochindikala mamilimita 40 kapena kuposa, topalidwa bwino mbali zonse zinayi. Pa kalikonse lembani X pankhope yoyang'ana kumwamba, ndi mzere m'mbali imene itsamire pa gauge. Yatsani makina, salazani nsonga imodzi ya kathabwa kalikonse, X ali pamwamba, mzere uli ku gauge, mpaka nsonga yonse itadyedwa. Kuti mutsimikize, detsani nsongayo ndi pensulo musanayambe, n'kusiya pamene pensulo yonse yafufutika.

Mayeso oyamba ndi a tebulo. Gonekani timatabwato pa galasi kapena pa tebulo la makina lomwelo, ma X onse awiri ali pamwamba, nsonga zosalazidwa zitayang'anizana. Tikankheni tikumane, muyang'ane cham'mbali, kuwala kuli kuseri. Cholakwa chilichonse chioneka chowirikiza kawiri, chifukwa nsonga iliyonse yabweretsa chake. Mpata ukakhala pamwamba, m'mphepete mwa tebulo mwakunja mwakwera, tsitsani pang'ono. Ukakhala pansi, kwezani.

Apa pali msampha umene wakola amisiri ambiri. Tinazolowera kuti poyesa sowo timadula thabwa limodzi n'kutembenuza chidutswa chimodzi chadodolido. Pa sanda musatero poyesa tebulo. Nsonga ziwirizi zinadyedwa mofanana, ndiye mukatembenuza kamodzi, kupendekeka kwa kena kumalowa m'kupendekeka kwa kanzake, n'kugwirana bwinobwino ngakhale tebulo litaphonya ndi madigiri awiri. Mungasangalale pachabe.

Mayeso achiwiri ndi a gauge. Imikani timatabwa tomweto cham'mbali, mbali zolembedwa mzere zonse ziwiri zili pansi pa galasi, nsonga zitayang'anizana. X wina aziyang'ana kwa inu, wina kutali. Mpata ukaoneka, gauge ndi imene yaphonya. Ukakhala pamwamba ndiye kuti mbali yotalikirana ndi gauge ikudyedwa kwambiri. Ukakhala pansi, mbali yotsamira pa gauge. Sunthani pang'ono kwambiri, ngati kunenepa kwa tsitsi, salazaninso, yesaninso. Ine zimanditengera maulendo atatu kapena anayi. Kuwala kukasiya kudutsa pa mayeso onse awiri, masulani kamuvi koloza manambala n'kukaika pa 90 kapena pa ziro, ndipo ngati pali bawuti loimitsira tebulo, lifikitseni pamenepo n'kumanga nati yake.

Pa 45 musakhutire ndi timatabwa tiwiri. Kulumikiza tiwiri n'kuyesa ndi sikweya kumakuyandikitsani, koma mayeso enieni ndi kafelemu kathunthu ka timatabwa tinayi ta paini wotsala, tofanana utali ndendende. Tisonkhanitseni pa galasi, mutimange ndi mphira wa chubu. Makona akayasama kunja, ngodya ya nsonga zanu ndi yobuntha, sizinasongoke mokwanira. Akayasama mkati, zasongoka mopitirira. Onetsetsani utali, chifukwa mbali ziwiri zoyang'anizana zikasiyana ndi milimita imodzi yokha, makona amayasama ngakhale 45 ali wolondola, ndipo mungamavutike ndi gauge yosalakwa. Mukaupeza 45 weniweni, musamusiye pa gauge yokha. Salazani kathabwa kolimba ka plywood pa ngodya imeneyo, kalembeni, kasungeni. Tsiku lina mudzangokatsamiritsa pa disiki n'kubwezera gauge pamalo pake m'kanthawi kochepa. Amene amapanga mafelemu kawirikawiri angachite bwino kukhoma thabwa lapadera loyenda mu ngalande, lokhala ndi chotsamira cha 45 chomatidwa ndi guluu, chosasunthanso.

Dzanja lanu

Makina olungama amatulutsabe nsonga yokhota ngati dzanja silikudziwa. Gwirani ntchito ku theka la disiki limene likutsikira pa tebulo. Pa makina ambiri a msinkhu uwu ndi kumanzere mukayang'anizana nayo, koma onani muvi wojambulidwa pa chivundikiro, kapena yang'anani pamene ikuima. Mbali yotsika imakanikizira thabwa pa tebulo. Mbali yokwera imalinyamula n'kuliponya kumaso, pamodzi ndi fumbi. Zimenezi zikutanthauza kuti pa disiki ya mamilimita 300 muli ndi malo ogwirira ntchito osakwana 150. Thabwa lotambalala kuposa pamenepo si la makina amenewa.

Kumbukiraninso kuti liwiro silofanana. Pakati penipeni mchenga suyenda n'komwe. Pakatikati pa mchombo ndi mlomo umathamanga theka la liwiro la kumlomo. Mukangoima malo amodzi n'kukankha, mbali ya thabwa imene ili kunja imadyedwa msanga, ndipo thabwalo limayamba kuchoka pa gauge inu osazindikira. Choncho mphamvu zanu zambiri zipite pogwirizira thabwa ku gauge ndi ku tebulo, zochepa zokha zipite ku disiki. Yendetsani gauge uku ndi uku mu ngalande kuti pepala lizitha mofanana ndiponso kuti kutentha kusaunjikane. Ndimamata kachidutswa ka sandipepa pankhope ya gauge kuti thabwa lisaterereke.

Dulani ndi sowo pafupi ndi mzere, musiye milimita imodzi yokha yoti sanda imalize. Kufuna kudya mamilimita 5 ndi sanda n'kuwononga pepala ndi kupsereza thabwa, ndipo nsonga yopserera guluu saigwira bwino. Pukutani utuchi pa tebulo musanaike thabwa lililonse, chifukwa kanyenyeswa kamodzi pansi pake kamasintha ngodya. Kachidutswa kakang'ono kosakwana zala zitatu musakagwire ndi manja. Kamateni kapena kakanikizeni pa thabwa lalikulu. Magolovesi ndi malaya a manja olendewera ayi.

Fumbi la makinawa ndi lopyapyala kuposa la sowo, ndipo limakhala m'malere nthawi yaitali. Mu 1995 bungwe la International Agency for Research on Cancer, lomwe lili pansi pa World Health Organization, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno, ndipo fumbi la mitengo yolimba ndi limene limatchulidwa kwambiri. Kansalu komanga pamphuno sikokwanira. Valani masiki ya FFP2 kapena N95, ndi magalasi oteteza maso. Makina ambiri ali ndi kapaipi kunsi kotulutsira fumbi. Lumikizani chokokera fumbi ngati muli nacho, apo ayi aikeni pafupi ndi khomo pamene mphepo ikutulukira. Ndipo musanole chitsulo pa makina odzaza utuchi. Moto wothetheka umagwera m'chivundikiro, n'kumanyeka pang'onopang'ono osaoneka, mwina mpaka inu mutatseka shedi n'kupita kunyumba. Ngati simungachitire mwina, tsegulani chivundikiro, chotsani utuchi wonse kaye, ndipo chotsaninso paipi ya chokokera.

M'dzinja tebulo la cast iron limachita dzimbiri usiku umodzi wokha. Likwecheni ndi kandulo n'kupukuta ndi nsalu youma mpaka liziterera. Oyilo ayi, amadetsa thabwa ndipo vanishi sagwira pamene wakhudza. Timatabwa tanga tiwiri ta X ndinatiboola n'kutipachika pa msomali kuseri kwa makina, pamodzi ndi ka plywood ka 45. Ndimatitsitsa ndikasintha sandipepa, ndikapendeketsa tebulo n'kulibweza, mnzanga akabwereka makina, ndiponso mmawa wa tsiku lililonse limene ndikudula mlombwa wa kasitomala.